Kuyeza malo ndi LiDAR ku Machinga ndi Balaka

Madera a m'mbali mwa Shire cha ku Liwonde ndi ku Utale ndi athyathyathya, moti madzi akasefukira, munda wina umamira pamene woyandikana nawo wapulumuka chifukwa chokwererapo pang'ono chabe. Amene akukonza sikimu ya mthirira, mlatho pa mtsinje wa Rivirivi kapena khoma lotchinga madzi afunika mapu osonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka molondola.

Makina a LiDAR, omangiriridwa pa drone kapena ndege, amaponya kuwala pansi n'kuwerengera nthawi imene kwatenga kuti kubwerere. Kwina kumadutsa m'mipata ya masamba n'kufika padothi penipeni. Poyeza malo ndi makinawa, tsatirani izi:

1. Yambani mwaonana ndi amfumu ndi khonsolo ya boma. Afotokozereni anthu cholinga chanu, kuti asaganize kuti mwabwera kudzawalanda malo.

2. Pezani chilolezo chowulutsira drone kwa oyang'anira za maulendo a pandege. Pafupi ndi Liwonde National Park, kambiranani ndi a African Parks, omwe akhala akuyendetsa malowa kuyambira 2015.

3. Yezani m'chilimwe, cha m'ma Ogasiti mpaka Okutobala, udzu utauma, mitengo itayoyola masamba. Pewani tsiku la mvula, la nkhungu kapena la utsi wambiri wa moto wolusa.

4. Ikani zizindikiro zooneka bwino pansi, muziyeze ndi GPS yolondola kwambiri, n'kuzilumikiza ku zipilala za Department of Surveys. Popanda izi, mapu anu sadzagwirizana ndi a boma.

5. Powulutsa, mzere uliwonse uzilowerana ndi unzake. M'mapiri ngati a Chikala, drone izitsata kukwera kwa phiri.

6. Pakompyuta, patulani mitengo, nyumba ndi udzu kuti patsale nthaka yokha. Samalani ndi madambo a nyanja ya Chilwa: bango lothithikana limaoneka ngati dothi, ndipo LiDAR wamba saona pansi pa madzi.

7. Bwererani kumaloko, muyezenso malo angapo ndi GPS, muyerekeze ndi mapu.

Dziwani kuti LiDAR amayeza maonekedwe a nthaka basi, saweruza za malire. Nkhani ya malire a munda ikhalebe m'manja mwa eni malo, mafumu ndi woyeza malo wovomerezeka ndi boma. Mukamaliza, perekani mapuwo ku khonsolo kuti athandizenso pokonzekera madzi osefukira.