Mau Akuti "Peresenti"

Anzanga, m'kalasi munaphunzira kulemba manambala mpaka 100. Lero tiphunzire mau amene ana athu amamva kwa aphunzitsi a masamu. Mauwo ndi "peresenti". Tanthauzo lake ndi "pa zana lililonse". Chizindikiro chake ndi ichi: %.

Musachite nacho mantha. Ndalama yathu ya kwacha inayamba mu 1971, ndipo matambala 100 amapanga kwacha imodzi. Tambala imodzi ndi 1 peresenti ya kwacha. Matambala 50 ndi 50 peresenti, ndiye kuti theka.

Ŵerengani ziganizo izi mokweza.

"Mlimi wa kusikimu ya Domasi anakolola matumba 20 a mpunga, nagulitsa 50 peresenti." Anagulitsa theka, matumba 10.

"Pamsika wa Songani mtengo wa matemba wakwera ndi 10 peresenti." Mulu wa K1,000 tsopano muugula K1,100.

Koma chiganizo chachitatu ichi muchiŵerenge kaŵiri.

"Chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi."

Tinene kuti mwakongola K10,000 yogulira feteleza. Pa K100 iliyonse muwonjezerapo K20. Mu K10,000 muli ma K100 okwana 100. Chotero chiwongoladzanja ndi K2,000. Mwezi ukatha mubweza K12,000.

Kodi mwaona mau otsirizawo, akuti "pamwezi"? Mpunga sucha mwezi umodzi ayi. Mukadikira miyezi inayi kuti mukolole, K2,000 ija ibwera kanayi. Imeneyo ndi K8,000. Mubweza K18,000. Ena okongoza amaikanso chiwongoladzanja pamwamba pa chinzake, ngongole nkukula kuposa apa.

Mai wina wa m'kalasi mwanga anagwa m'vuto lotere. Nambala 20 anaiŵerenga bwino lomwe, nkuganiza kuti ndi yochepa. Mau akuti "pamwezi" anawalumpha. Nthaŵi yokolola itafika, mpunga wambiri unapita kwa wakatapila. Ine ndinadziimba mlandu, chifukwa manambala ndinawaphunzitsa, koma mau aŵa ndinali ndisanawaphunzitse.

Musanasaine pepala, kaya kubanki m'khonde kaya kwa munthu, funsani kuti, "Peresenti imeneyi ndi ya pamwezi kapena ya pachaka? Zonse pamodzi ndibweza zingati?" Akuuzeni nambala, ndipo ailembe papepalapo inu mukuona.

Tsopano tengani kope lanu. Mwakongola K5,000 pa 10 peresenti pamwezi. Kodi mubweza zingati pakatha miyezi itatu? Yankho lanu mukalionetse kwa aphunzitsi.