Kaduwa ka pa nthambi sikafuna dothi

Ku Japan, Korea ndi China kuli kaduwa kotchedwa Vanda falcata, kamene kamamera pa nthambi za mitengo n'kumachita maluwa oyera onunkhira madzulo. Abale ake, monga Aerangis, tili nawo konkuno m'nkhalango za m'mbali mwa mitsinje. Onsewa ndi a banja la orchid, limodzi ndi chinaka chimene anzathu akumpoto amadya. Chomvetsa chisoni n'chakuti maluwa ambiri a pa nthambiwa amathera pamoto pamodzi ndi nkhuni.

Inu a ku Kachulu, kugombe la nyanja ya Chilwa, ndi midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, mukatola nthambi yogwa ndi mphepo, yang'anitsitsani. Mukaona timasamba tochindikala ndi mizu yotuwa yokakamira khungwa, musazule. Dulani kachidutswa ka nthambiyo, kaduwa kali pomwepo. Kukathyola m'nkhalango yotetezedwa ya phiri la Zomba, kumeneko ayi.

Pakhomo sankhani mtengo wa mango, mbali yakum'mawa, pamene dzuwa limafika m'mamawa mokha. Bulugamu musayese, chifukwa amafundula khungwa ndipo kaduwa kamagwera limodzi. Mangirirani ndi luzi kapena kansalu ka chitenje chakutha, molimba kuti kasagwedezeke, koma osafinya mizu. Dothi musaike ngakhale pang'ono: mizu imeneyi imafuna mpweya, mukaikwirira imawola. Za mango anu musade nkhawa, kaduwaka kamangotsamira, sikayamwa mtengo.

Nkhani yaikulu kuno ndi madzi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotuluka, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi mchere, ndipo mijigo ina yapafupi ndi gombe ndi chimodzimodzi. Mcherewo umawotcha nsonga za mizu. Sungani madzi a mvula mu chigubu. Mu Okutobala, dzuwa likafika poswa mtengo, wazani mizu m'mawa uliwonse mpaka isanduke yobiriwira. Mu Juni ndi Julayi, kawiri pa sabata n'kokwanira. Madzi asagone pakati pa masamba. Feteleza wa chimanga ndi waukali, musathire.

Dikirani miyezi ingapo. Nsonga zatsopano zobiriwira zikayamba kukwawa pa khungwa, ndiye kuti kagwira, mutha kumasula luzi. Kakachita maluwa, jambulani pa foni mukawaonetse a National Herbarium and Botanic Gardens mumzinda wa Zomba, akuuzeni dzina lake.