Mlendo ndi Munda Wace

Nkhondo ya ku Mozambique, imene inayamba m'caka ca 1977 nitha m'caka ca 1992, inabalalitsa anthu ambirimbiri. Oposa 1,000,000 anathawira ku Malawi, ndipo ena analowa m'Zambia muno ca ku Petauke ndi Katete. Anafika atasiya minda, nkhokwe ndi manda a makolo ao. Zimene zinaagwera zili ndi phunziro kwa mudzi uliwonse wolandira alendo.

1. Kukhuta si moyo wonse

M'caka ca 1990, m'misasa ya kumwera kwa Malawi munabuka nthenda yochedwa pelagra. Khungu la m'khosi ndi la m'manja, pamene paomba dzuwa, linada ndi kukhakhala monga lapsa ndi moto. Odwala anatsegula m'mimba, ndipo ena anasokonezeka mutu. Anthu pafupifupi 18,000 anadwala, ndipo akazi ndiwo anaculuka.

Nthendayi siipatsirana ai, ndiponso si ufiti. Imadza pamene munthu adya nsima ya cimanga tsiku ndi tsiku wopanda ndiwo zokwanira, cifukwa thupi silipeza m'cimanga vitamini ya niacin imene lifuna. Othawa nkhondowo anali kulandira ufa, nyemba, mafuta ndi nsawa, koma caka cimeneco nsawa zinaleka kufika kwa miyezi ingapo. Asing'anga a cipatala pofufuza anapeza kuti amene anali ndi dimba, kapena amene anali kudya nsawa kapena nsomba kawirikawiri, ambiri a iwo anapulumuka. Okhala m'midzi pakati pa eni dziko sanadwale kwambiri monga a m'misasa. Pambuyo pace vitaminiyo inayamba kuikidwa mu ufa, ndipo nthenda inacepa.

2. Khasu liposa mbale yopempha

Ku Ukwimi, kumene pa nthawiyo kunali m'boma la Petauke, anatsegula malo a othawa nkhondo m'caka ca 1987. Kumeneko mabanja anapatsidwa nthaka yolima, ndipo anabzala cimanga, nsawa ndi ndiwo zamasamba. Munthu wolima yekha adya zosiyanasiyana, natenganso ulemu wace monga mwini banja. Wongodikira muyeso pa mzere afooka thupi, ndi mtima womwe, pakuti maganizo a kwao ndi a abale otayika amdya usiku ndi usana. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ambiri anabwerera kwao ali ndi mphamvu ya kumanganso midzi.

Buku la Rute lionetsa comweci. Rute Mmoabu anali mlendo ku Betelehemu, ndipo Boazi anamlola kukunkha m'munda mwace, kumwa madzi pamodzi ndi anchito ace ndi kudya nao pamodzi. Anauzanso anyamata ace kuti asamsautse.

3. Coyenera mudzi ndi mpingo

Mlendo akafika, mfumu imuonetse pakulima, ndipo anansi ampatse mbeu ya nsawa ndi ya nyemba. Amai amlondolere citsime ca madzi abwino, pakuti kolera ibuka msanga pamene anthu apanikizana. Ana ace aperekezedwe ku cipatala kukalandira katemera wa cikuku. Wosadziwa cinenero apezeredwe womasulira pamaso pa namwino, kuti asabise nthenda cifukwa ca manyazi. Akulu a mpingo amcezere m'nyumba mwace, namvetsere mbiri yace mosafulumira.

Mafunso: Kodi pelagra idza bwanji? Nanga mlendo wa m'mudzi uno ali ndi munda?