Phunziro: Zomera Zokopa Mbalame Pakhomo

Pakhomo popanda mitengo sipakhala mbalame, ndipo mbozi ndi ziwala zimadya ndiwo zamasamba popanda wozisokoneza. Mbalame imakhazikika pamene yapeza chakudya, madzi ndi pobisala.

Zipatso za mabulosi ndi mkuyu zimakopa apumbwa, omwe amadyanso tizilombo. Mpendadzuwa wouma umaitana njiwa ndi mpheta, pomwe mpanda wa zitsamba zowirira umasunga zisa. Komabe mkuyu ubzalidwe kutali ndi nyumba, chifukwa mizu yake imang'amba maziko.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufikira 15 Epulo. Banja lililonse likonzeretu mbande, liike phale la madzi pamthunzi, nkumawasintha tsiku lililonse kuti udzudzu usaswane. Ana nawonso alangizidwe kusiya malegeni.