Foni ya Wophunzira Wopita Kunja: Mafunso ndi Mayankho

Kodi layini ya TNM kapena Airtel ndingapitirize kuigwiritsa ntchito kunja?

Ikhoza kugwira ngati mwatsegulitsa roaming musananyamuke, koma kuimbira nayo kumadya mayunitsi moopsa. Ntchito yake ikhale yolandirira mauthenga a kubanki, a Mpamba kapena a Airtel Money. Muziithirako kangachepe nthawi ndi nthawi, chifukwa layini ikagona nthawi yaitali kampani imaitseka n'kupereka nambalayo kwa wina. Opita ku India asanyengeke ndi dzina: Airtel ya kumeneko ndi netiweki ina, ndipo layini yochokera kuno imawerengedwa ngati ya mlendo.

Nanga ndikafika ndisankhe kampani iti?

Yambani mwafunsa funso lina: amayi anu ku Malingunde ali ndi foni yotani? Ambiri amadumpha apa. Ngati kunyumba kuli foni ya WhatsApp ndipo bandulo amaikwanitsa, inu mungofuna data yotsika mtengo basi. Koma ngati ndi kafoni ka mabatani, kotchajitsa pa sola ya aneba, WhatsApp sikuthandizani. Mudzafunika kuimba pa +265, ndiye funsani mtengo wa mphindi imodzi yoimbira ku Malawi musanagule layini. Makolo akafulasha, woimba ndinu.

Ku South Africa makampani aakulu ndi Vodacom, MTN, Telkom ndi Cell C. Ku Britain kuli EE, O2, Vodafone ndi Three, komanso Lebara ndi Lyca amene amatchuka ndi mitengo yoimbira kunja. Osakhulupirira zikwangwani. Funsani ophunzira anzanu kuti m'chipinda chogona mumagwira netiweki iti. Ngakhale kwathu kuno mukudziwa kuti netiweki yogwira bwino pa msika wa Mitundu ikhoza kukanika mukatsikira kufupi ndi damu la Kamuzu.

Adzandifunsa mapepala anji?

Monga MACRA inalamulira mu 2018 kuti layini iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa, ku South Africa kulinso lamulo lotchedwa RICA. Amafuna pasipoti ndi umboni wa komwe mukukhala, ndipo kalata yochokera ku hostel ya yunivesite imathandiza. Pamsewu mudzapeza ogulitsa malayini olembetsa kale. Asiyeni. Layini ya dzina la munthu wina ikatayika, nambalayo simungaibwezeretse, pomwe mwina ndi imene banki yanu ikuidziwa.

Kontirakiti imene amapatsirapo foni yatsopano si yabwino?

Kwa wophunzira, ine ndimati ayi. Foniyo si yaulere, ndi ngongole. Makontirakiti ambiri ku South Africa ndi a miyezi 24, ena 36, ndipo ndalama amadula okha kubanki mwezi uliwonse, kaya sikolashipu yafika kaya yachedwa. Wochita masters ya chaka chimodzi akasaina, adzabwerera ku Nathenje ngongole ili pamsana. Kuthetsa kontirakiti nthawi isanakwane n'kololedwa, koma pali chindapusa. Makampani nawonso amafuna masitetimenti a kubanki, amene mlendo wongofika alibe. Gulani layini yothira mayunitsi, yomwe amati prepaid. Ikakuvutani mumangosintha.

Ndizigula data yochuluka bwanji?

Yochepa poyamba. Mayunivesite ambiri ali ndi Wi-Fi, ena kudzera pa netiweki yotchedwa eduroam, kotero mwezi woyamba ndi woonera mmene mukugwiritsira ntchito.

WhatsApp yanga isintha ndikasintha layini?

Ayi, imakhalabe pa nambala ya kuno. Koma foni ikabedwa, nambala yotsimikizira imatumizidwa pa layini yakaleyo, n'chifukwa chake musaisiyire mng'ono wanu ponyamuka. Opita ku China adziwe kuti WhatsApp ndi Facebook n'zotsekedwa kumeneko. Anthu amagwiritsa ntchito WeChat, ndiye muwaikire makolo pafoni yawo n'kuwaphunzitsa mudakali kumudzi.