Makalata a Omvera: Mwana Amawerenga Koma Kulemba Kumamuvuta

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Mayiwa akuti mwana wawo ali mu Sitandade 5 ndipo amawerenga bwinobwino, koma akamuuza kuti alembe chimangirizo amangokhala duu, bolopeni ili m'kamwa. Akufunsa kuti angamuthandize bwanji pakhomo.

Mayi a ku Ntcheu, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo musataye mtima. Mwana wotha kusimba nkhani ali nazo kale zolemba, chatsala n'kuziika papepala. Madzulo mukatha kudya, muuzeni akusimbireni zimene anaona kumsika wa Tsangano: mbatatesi zounjika, kabichi, ogula akunenerera mtengo. Akamaliza, mupatseni kope alembe zomwezo m'ziganizo zisanu zokha. Kenako awerenge mokweza. Adzamva yekha pamene pakufunika mpumiro kapena mpatuliro. Musathamangire kudula zolakwa zonse. Yamikirani kaye chiganizo chabwino, n'kukonza cholakwa chimodzi patsiku. Muzimutumanso kulemba zokagula kugolosale kapena kalata kwa agogo ake. Ayambe m'Chichewa, maganizo akazolowera kuyenda mwadongosolo, Chingerezi chidzamupepukira.

Tsopano kwa inu nonse omvera, makolo ndi aphunzitsi. Pamayeso a MANEB a Sitandade 8 mwana amayenera kulemba yekha, ndipo luso limeneli silibwera tsiku limodzi. Aphunzitsi ali ndi ana ambiri m'kalasi, sangakwanitse okha. Tiyeni tizipatula kanthawi tsiku lililonse kuti ana athu azilemba pakhomo.