Kuyeza Madzi a M'thupi mwa Odwala Impso

Munthu amene impso zake zaleka kugwira ntchito amakodza pang'ono, ndipo ena sakodza n'komwe. Madzi amene wamwa, ngakhale a m'phala ndi m'ndiwo, amatsalira m'thupi kufikira tsiku lopita ku makina osefa magazi, chithandizo chimene achipatala amachitcha dialysis. Kaŵirikaŵiri wodwala amakhala pa makinawo katatu pa sabata, maola 4 ulendo uliwonse.

Chimene chimavuta anamwino ndicho kudziŵa kuchuluka kwa madzi oyenera kuchotsedwa. Akachotsa ochepa, magazi amathamanga kwambiri, mtima umalema, ndipo madzi amaloŵa m'mapapo kotero kuti wodwala amabanika akagona. Akachotsa ochuluka, wodwala amachita chizungulire, minofu imakokana, ndiponso kamphamvu kamene kanatsala mu impso kamatha msanga.

Sikelo payokha sithandiza mokwanira, pakuti imangonena kulemera, osasiyanitsa madzi ndi mnofu. Wodwala amene sakudya bwino angathe kuonda makilogalamu 2, m'malo mwake n'kuloŵa malita 2 a madzi, koma sikelo n'kumaonetsa monga kale. Kutupa kwa miyendo nako kumachedwa kuoneka.

Pachifukwa ichi pali njira yoyeza madzi ndi magetsi, yotchedwa bioimpedance, imene dokotala wa ku France, Thomasset, anaifotokoza mu 1962. Wodwala amagona chagada kwa mphindi zingapo. Namwino amamata timapepala tiŵiri pa dzanja ndi tiŵiri pa phazi, nalumikiza timawaya. Makina amatumiza magetsi ochepa zedi, oti munthu saŵamva. Madzi a m'thupi ali ndi mchere, choncho magetsi amadutsamo mosavuta, pamene m'mafuta ndi m'mafupa amadutsa movutikira. Madzi akachuluka, magetsi sapingika kwenikweni, ndipo makina amaŵerengera malita kuchokera pamenepo, poganiziranso msinkhu ndi kulemera kwa munthuyo.

Nzeru yake yeniyeni yagona apa. Magetsi onjenjemera pang'onopang'ono amalephera kuboola khungu la maselo, motero amayeza madzi a kunja kwa maselo okha. Onjenjemera mofulumira amaloŵa ndi m'maselo momwe, nayeza madzi onse. Makina ena, monga Body Composition Monitor, amayeza pa milingo 50, kuyambira 5 mpaka 1000 kHz. Madzi osautsa wodwala impso amadzikundika kunja kwa maselo, ndipo ndiwo amene namwino akufuna kuŵadziŵa.

Kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 anapeza kuti odwala amene madzi awo owonjezera anapitirira magawo 15 pa 100 a madzi a kunja kwa maselo, ndiwo malita pafupifupi 2.5, anali pangozi yaikulu ya imfa koposa anzawo.

Komabe makinaŵa sayenera kutamidwa mopitirira. Ku Britain, kafukufuku wotchedwa BISTRO anaonetsa mu 2023 kuti kumene anamwino amapima wodwala mwadongosolo, kuwonjezerapo makinaŵa sikunasunge mphamvu yotsala ya impso koposa kupima kwa masiku onse. Ndiponso amasokonezeka ngati munthu anadulidwa mwendo, ngati khungu lapakidwa mafuta, kapena ngati ayezedwa atangochoka pa dialysis, madzi asanakhazikike m'thupi. Chotero ndi bwino kuyeza dialysis isanayambe, kapena kudikira mphindi 30 itatha. Wodwala amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda ayenera kuuza namwino asanayezedwe.